Keke ya Wozimitsa Kuwala

1

Kuntchito kwathu kuli lamulo limene silinalembedwe paliponse koma palibe amaliphwanya: wozimitsa kuwala amabweretsa keke. Kaya ndiwe pulofesa wa imvi, kaya unayamba ntchito dzulo, ukangodula kuwala, mawa lake ufike ndi mbale m'manja, uiike pa tebulo la khofi, anthu adye uku akukuseka. Keke ikatha, mlandu watha. Ndadya makeke amenewa zaka zambiri, ndipo imodzi mwa iwo inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Dzina langa ndine Jurema. Ndimagwira ntchito m'chipinda choyendetsera makina, pa malo ofufuzira za sayansi omangidwa ngati mphete yaikulu kunja kwa tauni, kuseri kwa minda ya nzimbe. M'chipaipi chozungulira mumathamanga tinthu ta magetsi tosaoneka ndi maso, ndipo tikamakhota timalavula kuwala koopsa, koona m'kati mwa mwala ngati mmene makina a kuchipatala amaonera mafupa. Kuwalako timakugawa m'tinyumba ta mtovu tozungulira mphete yonse, mmene akatswiri amaikamo zinthu zawo: uyu mwala wa pansi pa nyanja, uyu tsamba la soya, uyo kachidutswa ka mtima wa khoswe. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana mzere wobiriwira pa kompyuta. Ukakhala wowongoka, ndimamwa khofi. Ukagwa, ndiye kuti kuwala kwazima: mafoni onse amalira, ndipo aliyense amalankhula ngati ndaugwetsa ndine.

Mwamuna wanga, Aldemir, ankagwira tsidya lina la mphete, pa kanyumba ka Dokotala Yolanda. Iye ndiye ankasunga kiyi wa kanyumbako, atamukoleka m'khosi. Munthu akatsalira m'kati kuwala n'kulowa, za iye zatha. Choncho asanatsegule mpita wa kuwala, wa kiyi amalowa yekha n'kuzungulira chipinda chonse, kusuzumira pansi pa tebulo ndi kuseri kwa makina, akufunsa mokweza kuti, "Muli munthu muno?" Akatero amatuluka, amatseka chitseko cholemera chija n'kupotoza kiyi. Pakhomo pali batani lofiira. Ukalikanikiza, kuwala kumazima m'tinyumba tonse nthawi imodzi, ndipo akatswiri obwera kuchokera kutali amene anadikira miyezi kuti apeze mpata amayamba kutukwana m'zinenero zosiyanasiyana.

Chiyambireni ntchito, Aldemir anali asanabweretsepo keke. Ankanyadira zimenezi kuposa mmene ankanyadira ana athu.

2

Chaka chatha, mvula itangoyamba, mzere wanga unayamba kugwaigwa.

"Kwa bambo akunyumba kwanu uko," anatero Dirceu, mnzanga wa pa desiki, akuloza kompyuta ndi supuni. "Batani lofiira, kanyumba ka a Dokotala Yolanda."

Mawa lake Dokotala Yolanda anafika ndi keke. Anali mayi wamtali, woonda, wometa imvi zake ngati msilikali, ndipo anthu ankati anakwatiwa ndi miyala yake. Anaika mbale pa tebulo n'kunena kuti anatsamira batani ndi chigongono. Ulendo wachiwiri anati linakodwa ndi lamba wa chikwama. Ulendo wachitatu anati anaterereka.

"A Dokotala," anatero Dirceu pakamwa pali podzaza, "chigongono chanucho tikuchikonda. Musachichiritse."

Makeke oyambawo sindinalawe, chifukwa nthawi imeneyo ndinkalimbana ndi thupi langa, ndipo thupi linkapambana. Koma tsiku lina ndinagonja n'kutenga kachidutswa. Ndinaluma kamodzi n'kusiya kutafuna.

Keke ya ufa wa chimanga yokhala ndi magwafa m'kati imapezeka m'sitolo ya buledi iliyonse. Koma iyi inali ndi khungu la lalanje lopala, ndipo inali yodulidwa mopingasa, osati timabokosi. Ankapanga choncho ndi malemu apongozi anga, Dona Zulmira a ku dera la Minas, ndipo anaphunzitsa munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Ine anakana kundiphunzitsa, ati manja anga ndi otentha. Munthu mmodziyo anandiphikira keke imeneyi pamene ankandifunsira, ndipo ndinamulola ndisanamalize kumeza.

"A Dokotala, mwaigula kuti?" ndinafunsa.

"Ndaphika ndekha."

"Muli ndi luso."

"Zikomo," anayankha, akuyang'ana nsapato zake.

Uvuni wa kunyumba kwathu Aldemir anali asanauyatse chaka chonse. Ndiye kuti mwamuna wanga ankaphika keke ya mayi ake m'khitchini ya mkazi wina.

3

Ndinayamba kuwerengetsa zinthu ngati mmene mkazi aliyense amachitira. Madzulo ena Aldemir ankati akupita kwa mkulu wake kukaonera mpira. Nditaganiza bwino, ndinapeza kuti timu yakeyo inkasewera tsiku lililonse limene kuwala kwazima.

"Mwawina?" ndinamufunsa atabwera tsiku lina.

"Tawina."

"Wachinya ndani?"

Anakanda m'mutu. "Uja. Wamtali uja."

Malaya ake ankanunkhira lalanje.

Panalinso zina. Tsiku langa lobadwa linadutsa iye ali phee. Kawiri konse anapitirira geti la nyumba yathu pa galimoto, ine ndili pambali pake, mpaka ndinachita kumufunsa ngati tasamuka. Magalasi ake ndinawapeza m'firiji, pamwamba pa tchizi. Nthawi zina ankalowa m'khitchini n'kungoima pakati, maso ali kutali, ngati munthu amene akumva nyimbo imene ena sakuimva. Ine ndinkadziwa dzina la nyimboyo. Mwamuna akayamba kuiwala za pakhomo pake, ndinkatero mumtima, ndiye kuti pali khomo lina limene akulikumbukira bwino.

Zinandipweteka, sindibisa. Tinakwatirana tili ana, tinagona pa matiresi a pansi, tinalera ana awiri mpaka kuwaona akuchoka. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti Yolanda anali wamkulu kwa ine. Akanakhala mmodzi wa atsikana ophunzira aja, oyenda ndi mabotolo a madzi paliponse, ndikanakwiya koma ndikanamvetsa. Apa ndinkapikisana ndi mayi wovala nsapato za abambo.

Sindinafunse chilichonse kunyumba. Ndinadikira kuti mzere ugwenso, ndipo sunandidikiritse.

4

Mawa lake pa tebulo la khofi panali anthu ambiri. Panali alendo a ku Argentina amene timibulu tawo ta mankhwala tinaonongeka pamene kuwala kunazima, ndipo ankafuna kuona nkhope ya amene anawalakwira. Panalinso Seu Nivaldo, mkulu woona za chitetezo, bambo wamfupi amene amawerenga malamulo ngati mmene ena amawerengera masalimo.

Yolanda anaika mbale. Anthu anatenga, analuma, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana mnzake. Ine ndinaluma changa. Munalibe shuga ngakhale pang'ono.

"Aldemir," ndinatero, "shuga waiwala."

Iye anali ataima pafupi ndi zenera, kapu ili m'manja. Sanatembenuke.

"Ndikulankhula ndi inu, bambo. Ndikuti shuga mwaiwala. Kapena kukhitchini kwa a Dokotala kumakhala zotanganitsa zambiri?"

Dirceu anabwezera chidutswa chake m'mbale mwaulemu. Ndinafotokoza zonse, mosakweza mawu: za lalanje, za kadulidwe, za mpira umene umaseweredwa kuwala kukazima. Ndinkayembekezera kuti anthu ayang'ana Yolanda. Koma Seu Nivaldo ankayang'ana mwamuna wanga, ndipo za chikondi sizinkamukhudza.

"Taimani kaye, Dona Jurema," anatero. "Aldemir, keke iyi waphika ndiwe?"

"Ndine."

"Nanga am'mbuyo aja?"

"Ndine ndemwe."

"Ndiye batani akukanikiza ndani? Kuno wophika ndiye wozimitsa."

Kunena zoona, zimenezo sindinaziganizire, ndipo ngakhale pamenepo ndinaziona ngati zopusa. Aldemir kuzimitsa kuwala? Bola kundiuza kuti wayamba kuvina pa siteji. Koma ndinaona dzanja lake likupita pakhosi n'kugwira kiyi uja. Anayang'ana Seu Nivaldo, kenako anayang'ana ine, nthawi yaitali ndithu.

"Batani amakanikiza a Dokotala," anatero. "Ine ndimawaphikira chifukwa ndili nawo pachibwenzi."

Yolanda anatsamwa ndi khofi.

"A Dokotala, n'zoona zimenezi?" anafunsa Seu Nivaldo.

Mayi uja anapukuta pakamwa, n'kumuyang'ana Aldemir ngati mwala umene wamukhumudwitsa. "Za moyo wanga sindiyankha pa tebulo la khofi," anatero, n'kutuluka.

Seu Nivaldo anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ngati ndi chibwenzi, si za ofesi yanga."

Mmodzi wa alendo aja anafunsa Dirceu kuti chikuchitika n'chiyani. "Palibe, achimwene," anayankha Dirceu. "Idyani keke, kuwala kulipo lero."

Madzulo ake ndinaika chikwama cha Aldemir pa geti. Anachinyamula osatsutsa, n'kupita kwa mkulu wake. Patapita kanthawi anabwerera kudzatenga mswachi, umene unali kale m'thumba la malaya ake. Ndinatseka chitseko n'kulira mpaka mutu kuwawa.

5

Nkhani inazungulira mphete yonse mwaliwiro kuposa tinthu ta m'chipaipi tija. Akulondera pa geti anayamba kundipatsa moni wa pamaliro. Amayi a kukantini ankandiwonjezera nyemba osapempha. Ine ndinkangoyang'ana mzere wanga, ndipo ndinali nditafunsa kale mnzanga wina za loya wodziwa kuthetsa mabanja mwachangu.

Sabata yotsatira Yolanda anatulukira pakhomo la chipinda chathu.

"Dona Jurema, tilankhule panja."

"Ndili pantchito."

"Pitani, mayi," anatero Dirceu. "Mzere ndiuyang'ana ine. Mukafuna mboni mundiitane."

Tinaima pamalo oimika magalimoto, dzuwa likuswa mtengo.

"Mwamuna wanu sindikumufuna," anayamba choncho. "Sindinamufunepo. Amatafuna mwaphokoso ndipo amandisiyira ufa paliponse m'khitchini."

"Nanga munakhaliranji chete tsiku lija?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza chiyani?"

"Kuti sindidzanena. Koma sindinalonjeze kuti simudzaona. Mawa m'mawa tikusintha mwala m'kanyumba. Mubwere msanga, muime kuseri kwa kabati yanga, pamene pali kompyuta ya kamera."

"Mukufuna ndikaonere chikondi chanu pa kamera?"

"Mayi," anatero, "ndili ndi zaka zoti anthu azindiopa, osati azinditsinzinira diso m'kantini. Mubwere."

6

Ndinapita. Ndinaima kuseri kwa kabati ngati wakuba, ine mayi wa ana akuluakulu.

Aldemir anafika atavala malaya osasita, ndipo ndinadzida chifukwa chomumvera chisoni. Analowa m'kanyumba. Pa kamera ndinamuona akuzungulira mmene wakhala akuchitira moyo wake wonse: anagwada kusuzumira pansi pa tebulo, anapita kuseri kwake, anayang'ana kuseri kwa makina, anafunsa ngati muli munthu. Sanadumphe ngodya ngakhale imodzi. Anatuluka, anatseka chitseko, belu linalira, anapotoza kiyi. Ntchito yaukhondo, yoti ophunzira aonere.

Kenako anangoima.

"A Dokotala," anatero, "kuseri kwa tebulo ndayang'ana?"

"Mwayang'ana, Aldemir. Ndimakuonani pa kamera."

"Chabwino."

Anayenda pang'ono, n'kubwereranso pachitseko. Anachigwira ndi chikhatho ngati akufuna kumva kupuma kwa munthu kudzera mu mtovu.

"Kuseri kwa tebulo kuja, a Dokotala."

"Mwayang'ana."

"Simukungondisangalatsa? Ine sindikukumbukira kuti ndalowamo."

Ndinaona dzanja lake likukwera pang'onopang'ono kupita ku batani lofiira, ndipo sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji kuseri kwa kabati kuja. Ndinangopezeka ndamugwira pamkono.

"Wayang'ana," ndinatero. "Ndaona ndi maso anga. Mulibe munthu."

Anandiyang'ana modabwa. "Jurema, ukutani kuno? Mzere akuyang'ana ndani?"

Kenako anazindikira chimene ndaona, ndipo anakhala pansi pomwepo, pa simenti, msana atatsamira chitseko.

Yolanda anafotokoza mwachidule, mmene amafotokozera miyala. Zinayamba miyezi ingapo m'mbuyomo. Kufufuza ankafufuza bwino nthawi zonse, koma chitseko chikatsekeka, nthawi zina zonse zinkafufutika m'mutu mwake, ndipo iye sakanalola kuwala kulowa m'chipinda chimene sakukumbukira kuti wachiyang'ana. Yolanda ankanena kuti wakanikiza ndi iye, kuti munthu amene wamugwirira ntchito zaka zonsezi asalandidwe kiyi ngati mwana. Koma keke Aldemir anakana kuti wina agule. Mlandu unali wake, ndiye ankaphika yekha.

"Kuchipatala unapita?" ndinamufunsa.

"Ndinapita."

"Anati chiyani?"

"Ndi matenda a mayi aja."

Ndinakhala naye pansi. Dona Zulmira anakhala m'nyumba mwathu zaka zawo zomaliza, mutu utasiya kugwira. Ndinkawasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine, kuwasintha zovala ndine, iwo akundinena kuti ndine wakuba amene wabisa mwana wawo. Tsiku limene tinawaika m'manda, ndinafika kunyumba, ndinavula nsapato m'khitchini n'kunena mawu amene ndinali nditawasunga nthawi yaitali: "Ntchito imeneyi sindidzaigwiranso. Wina akadzayamba zimenezi m'nyumba muno, ine ndidzathawa." Aldemir anali ataima pa sinki, akutsuka makapu a anthu obwera kudzapepesa.

"Ndiye unaona kuti bola ndikuthamangitse ngati wachimasomaso?" ndinafunsa.

"Ndinaona kuti bola undithamangitse uli wokwiya kusiyana n'kuti udzathawe uli wotopa." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Komanso kiyiyu, Jurema, ndisaname. Ndikamupereka ndikhala ndani? Zambiri zikundithawa, koma mawu ako aja akana kuchoka."

Pamwamba pa chitseko nyali inayaka, kusonyeza kuti kuwala kwalowa m'kanyumba, ndipo makina anayamba kujambula mwala wa Yolanda.

Tisanadye nkhomaliro tinapita tonse atatu ku ofesi ya Seu Nivaldo. Aldemir anavula kiyi m'khosi yekha n'kumuika pa desiki. Seu Nivaldo anamvetsera zonse, anamudzudzula Yolanda mpaka makutu a mayi uja kufiira, anamuuza kuti nkhani yake ipita kwa akuluakulu. Kenako anayang'ana kiyi uja, osamugwira.

"Aldemir, m'bale wanga," anatero, "bola chikanakhala chibwenzi."

7

Aldemir anabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo chikwama ndinamunyamulira ndine. Anapuma pantchito mwaulemu, ndi zolankhula ndi kuwomba m'manja. Yolanda analandira chenjezo lake n'kupitiriza ndi miyala. Theka la anthu a pa mphete mpaka lero limakhulupirira za chibwenzi zija, chifukwa ndi nkhani yokoma kuposa yoonayo, ndipo ife sitivutika kuwakonza.

Inu owerenga, ndikudziwa chimene mukudikira. Mukufuna ndinene kuti ndinagwada n'kubweza mawu anga a m'khitchini aja, n'kulumbira kuti ndidzakhala naye mpaka mapeto. Ndikanakonda kukuuzani choncho, koma bodza latikwana m'banja lino. Mawu aja sindinawanene chifukwa cha nkhanza. Ndinawanena chifukwa ntchitoyo ndinali nditaigwira ndi manja angawa, ndipo amene sanasambitsepo munthu wamkulu amene akumutukwana asafulumire kundiweruza. Ndikudziwa kumene msewu uwu ukupita, khomo ndi khomo. Ndili ndi mantha, ndipo ndimamukonda mwamunayu, zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chimene ndingakuuzeni n'chakuti muzisamala zimene mumanena mutatopa pamaso pa anthu amene amakukondani. Inu mumagona n'kuiwala, koma iwo amakonza moyo wawo motsatira mawu amenewo. Wanga anasankha kutaya dzina lake pamaso pa anzake onse kuopa kundipempha chinthu chimene ndinanena kuti sindidzapereka.

Masiku ano amadzuka m'mawa kwambiri, amandifulira khofi, nthawi zina kawiri. Ndikamavala nsapato zopita kuntchito amabwera kudzaima pakhomo, manja ali m'thumba, n'kundifunsa ngati akufunsa za mvula.

"Jurema, uthawa?"

"Lero ayi," ndimayankha.

Amagwedeza mutu, wokhutira, n'kupita kukathirira maluwa. Pofika mawa yankho limenelo amakhala ataliiwala, ndiye amafunsanso, ndipo ine ndimayenera kuliganizira kaye ndisanayankhe. Mpaka pano sindinamunamizepo.